Tsiku limene π inasanduka yuro

Madzulo ndimaphunzitsa masamu ana a giredi 12 ku Kalongwezi. Onse amaidziwa 22/7, imene imaimira π, koma ukawafunsa kumene inachokera amangoyang'ana kudenga. Ndiye ndinati ndiwasonyeze ma continued fraction, aione okha ikubadwa.

Njira yake njosavuta. Pa π, imene ndi 3.14159 n'kumapitirira, uchotsa 3 n'kumusunga. Chotsalacho uchitembenuza, ndiye kuti ugawa 1 ndi chotsalacho, upeza 7.06. Usunga 7, utembenuzanso, pabwera 15, kenako 1, kenako 292. Ukaima pa 7, ndiye 22/7 ija. Ukaima pa 1, usanakhudze 292, upeza 355/113, imene Zu Chongzhi wa ku China anaipeza m'zaka za m'ma 400, ndipo imalondola manambala 6 kuseri kwa kadontho. Mu Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, zonsezi ndi mizere yochepa chabe.

Ndinayesanso √2, imene iyenera kutulutsa 1 kenako ma 2 mpaka Yesu adzabwere. Laputopu inatulutsa ma 2 pafupifupi 20 n'kuyamba kubwebweta, poti float, njira imene kompyuta imasungira nambala ya kadontho, imasunga manambala 15 kapena 16 okha, ndipo kutembenuza kulikonse kumakulitsa kacholakwika kotsalira kumchira. Ndinaidula pa 10, ana asaone manyazi ake.

Polemba fayilo ya mafunso a ana, Python inakana π ndi ŵ, ati UnicodeEncodeError. Nditawonjezera encoding="utf-8" inakhala chete. Ndinaika fayilo yanga ya CSV ija pa fulashi, n'kukwera njinga yahayala kupita kokasindikiza pafupi ndi msika wa Kapata. Achemwali a pamenepo anaitsegula mu Excel mwachangu poopa kuti magetsi athawa, mapepala n'kulowa mu envulopu akadali otentha. Lachisanu kutada ndinawagawa kuti ana akachitire kunyumba. Pansi penipeni ndinali nditalembapo kuti makolo akumbukire malipiro a mwezi uno.

Loweruka m'mamawa ndinamva "Odi!" wa munthu amene sanadye kadzutsa. Anali bambo ake a mnyamata wina wa m'kalasi mwanga, amene amasintha ndalama kumalire a Mwami. Dzanja lina pepala, lina kakyuleta.

"Aphunzitsi, tinakulakwirani chiyani?"

"Lowani, bambo, tikhale pansi."

"Kukhala ayi. Kwacha mwaiona bwanji kuti muyambe kulipiritsa mayuro?"

Anandiloza mzere wapakati. Pamene ndinalemba π = 355/113 panali Ï€ = 355/113. Iwo anali atamaliza kale masamu awo: mayuro 355 pa masiku 113, ndipo anali atawasintha m'makwacha pa mtengo wa m'mawa umenewo, n'kulemba yankho ndi bolopeni yofiira.

"Chizindikiro ichi ndingachidziwe ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku," anatero. "Ndiye taonani apa."

Funso lachinayi linali la kugawa ng'ombe. Ndinalikopera ku Word, imene imapinda kachizindikiro kaja kotsatira ng, ndiye papepala panatuluka ngâ€™ombe. Yuro ina, m'mimba mwa ng'ombe.

"Mayuro ndi ng'ombe pamodzi? Mwana wanga ndi wamwamuna, aphunzitsi. Malowolo akuchokera kuti?"

Mayi a nyumba yoyandikana nafe anasiya kusesa. Ndinaona kuti nkhaniyi ikafika ku Kapata dzuwa lisanakwere, ndiye ndinatulutsa laputopu pakhonde pomwepo. Ndinawauza kuti mu UTF-8, njira imene ndinasungira zilembo mu fayilo ija, chilembo cha π chimasungidwa ndi ma byte awiri, CF ndi 80. Excel ikapanda kupeza chizindikiro kumayambiriro kwa fayilo imawerenga ngati Windows-1252, njira ina yakale, mmene byte iliyonse ndi chilembo pachokha. CF ndi Ï, 80 ndi €. Kachizindikiro ka mu ng'ombe kali ndi ma byte atatu, E2, 80 ndi 99, ndipo wapakatiyo ndi yuro yomweyo. Malaŵi anali atasanduka MalaÅµi, √2 inali âˆš2, koma izi bambowo sanazione ngati vuto, poti munalibe ndalama.

Ndinasintha n'kulemba utf-8-sig, imene imaika EF BB BF kutsogolo kwa fayilo kuti Excel izindikire. Nditatsegulanso, π inabwerera pamalo pake, ng'ombe n'kukhala ng'ombe. Ndalama yosindikizanso inatuluka m'thumba mwanga, ndipo achemwali aja anandifunsa ngati ndilipira m'makwacha, kusonyeza kuti mayi osesa aja anali atafika kale kumsika.

Bambowo anaonerera zonse ali chiimire, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Potuluka pageti anadina kakyuleta yawo kachikena.

"Zamveka, aphunzitsi. Koma 355 kugawa ndi 113 ikupereka 3.14. Mukamva kuti wina akugulitsa yuro pa mtengo umenewo, mundiimbire foni, ngakhale ndili m'tchalitchi."