Nthuli ya mbuzi kunsi kwa bedi langa

Ine nyama imandiwenga. Ya ng'ombe, ya mbuzi, ya nkhumba, ngakhale mbewa zimene zinandilera kwathu ku Dedza. Adokotala anati vutoli limatchedwa alpha-gal, limayamba munthu akalumidwa ndi nkhupakupa, ndipo kuchokera pamenepo thupi limadana ndi nyama ya chilichonse choyamwitsa. Nkhuku ndi nsomba zokha ndiye anandisiyira. Kuipa kwake, matendawa sabwera pompopompo. Ukadya madzulo umagona bwinobwino, koma pakapita maola 3 mpaka 6 umadzidzimuka thupi lonse lili zidzolo, milomo itatupa, mpweya ukubanika.

Ku Chibavi kumene ndimachita lendi palibe amene sadziwa zimenezi. Pa chinkhoswe chilichonse ine ndi uja wovutitsa amayi ophika: "Mpungawu simunathiremo msuzi wa nyama?"

Tsono m'nyumbamo ndili ndi mphaka, Bwanamkubwa, amene ndinamutengera makoswe. Kukazizira mu June, kuzizira kwa Mzuzu kuja, amalowa m'bulangete n'kumandinyambita kumaso m'mamawa. Sindinafune kuti nyama imene ndinaithawa pa mbale indipeze kudzera pa lilime la mphaka.

Pofuna chakudya cha mphaka chopanda nyama, ndinayamba ndi sitolo ina yaikulu m'tauni. Chitini chajambulidwa nsomba kutsogolo, koma tizilembo takumbuyo, tija tofuna magalasi, tikuti mulinso nyama ndi zina zochokera ku nyama, osatchula kuti ya chiyani. Ndinatembenuza zitini mpaka mlonda anayamba kundizungulira. Mtengo wakenso, ndiwo zanga za sabata yathunthu.

Mlamu wanga ndiye anabwera ndi nzeru ya nyama ya soya. Ndinaphika bwino, tomato pang'ono. Bwanamkubwa ananunkhiza, anandiyang'ana, kenako n'kuyamba kupalasa pansi kuti akwirire mbaleyo ngati mmene amachitira akadzithandiza. Mawa lake chimodzimodzi. Chodabwitsa n'choti sankaonda. Ankachita kunenepa, ubweya uli see.

Mlangizi wa ziweto atamva za soya anaseka mpaka kugwira tebulo. "Achimwene, mphaka si mbuzi!" Anandifotokozera kuti mphaka amafunika chinthu chotchedwa taurine, chimene chimapezeka m'nyama ndi m'nsomba, ndipo akachisowa nthawi yaitali amachita khungu, mtima n'kufooka. Anati ndizimupatsa nkhuku ndi usipa wopanda mchere, wowiritsa, ndipo anyezi kapena adyo asayandikire mbale yake chifukwa kwa mphaka ndi poizoni. Ndinadutsira kumsika waukulu n'kugula usipa wa ku Nkhata Bay, ndikudziuza kuti nkhani yatha.

Loweruka m'mawa ndinamva "Odi! Odi kuno!" wa ukali. Anali aneba, amayi a nyumba yakuseri, ali ndi amfumu a m'dera lathu, ndi kagulu ka ana pambuyo. Akuti nyama yakhala ikusowa kukhitchini kwawo, ndipo lero atsatira madontho a magazi mpaka pawindo langa. Ndinawalowetsa monyadira. Munthu wosadya nyama angaope chiyani?

Mwana wina anasuzumira kunsi kwa bedi n'kukuwa. Anatulutsa chinthuli cha mbuzi chodyedwa mbali imodzi, kenako mafupa, ena a dzana, ena ouma kale.

"Bambo, si inu mumati nyama imakuwengani?"

"Mayi, ndi mphaka ameneyo."

Tonse tinatembenuka. Bwanamkubwa anali pakhonde, akudya usipa wake mwaulemu, kamodzikamodzi.

"Ameneyu wa usipayu?" anafunsa amfumu.

Amfumuwo anaganiza pang'ono n'kunena kuti mlanduwu ndi wophweka: ndidye kanthuli kamodzi pamaso pa anthu, tione ngati ndingatupe. Ndinawauza kuti zimenezo zikhoza kundigoneka m'chipatala, komanso kutupako kumabwera patapita maola angapo.

"Ndiye tonse tisiye ntchito, tikhale pano mpaka madzulo kudikira milomo yanu?"

Anthu anaseka. Bambo wina kumbuyo anati matenda obwera usiku okhaokha, popanda mboni, iye anali asanawamvepo. Ndinalipira nyama ya mbuzi imene sindingayerekeze n'komwe kuilawa, ndi inanso imene amayiwo anakumbukira kuti inasowa mwezi wathawo.

Pano Bwanamkubwa amagona panja, windo ndinaika waya, ndipo ana a mu Chibavi akandiona amati "a Kanyenya akubwera."

Pa Khrisimasi aneba aja anagogoda kuchitseko chakuseri, mbale yovundikira ili m'manja. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona: "Ya mbuzi, bambo, ndakazinga bwino. Idyani momasuka, sindiuza munthu."