Lipoti la ulendo wa kwaya yathu wa ku Likoma

Abale ndi alongo, tapita ku Likoma kukacheza ndi anzathu a kwaya ya kumeneko, ndipo tonse tabwerako bwino. Kuchoka ku Lilongwe tinayenda pa basi mpaka ku Mzuzu, n'kutsetsereka kupita ku Nkhata Bay kukakwera sitima ya Ilala.

Padoko paja ife tinali ndi zikwama ndi ng'oma basi. Eni chilumba anali ndi matumba a chimanga, simenti, malata, zigubu za mafuta ophikira, ngakhale nkhuni. Mayi wina amene tinakhala naye m'chipinda cha pansi anatiuza kuti nthaka ya kwawo ndi ya mchenga ndi miyala, chimanga sichibereka mokwanira, ndiye chakudya chambiri chimachita kuwoloka nyanja. Sitima ikapanda kubwera, zinthu zimakwera mtengo m'magolosale. Ife tinkaiona ngati yokasangalalapo, koma kwa iwo ndiye msewu. Ndipotu ndi yakale: anaipanga ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa n'kuilumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951.

Usiku mwera unatipeza pakati pa nyanja. Nyimbo zinatha zokha, ena n'kuyamba kusanza. Pa Chizumulu sitima inaima kutali ndi gombe, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono mafunde akuwakankha uku ndi uku. Ndinaona khanda likuyenda m'manja mwa anthu osalidziwa, wina kupatsira mnzake, mpaka linafika kwa mayi ake amene anali atatsika kale. Palibe amene anachita phokoso, anazolowera. Ine mtima unali m'mwamba.

Ku Likoma anatilandira ndi nyimbo pagombe pomwepo. Malambe ali ponseponse, ndipo mapiri a ku Mozambique, cha ku Cobue, amaoneka pafupi kwambiri, pakuti chilumbachi n'cha Malawi koma chazunguliridwa ndi madzi a dzikolo. Lamulungu tinaimba m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA anayamba kumanga mu 1903 pa Chipyela, pamene kale ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti. Muli m'kati, mawu amamveka bwino popanda zokuzira mawu, moti tinachita kuchepetsa ng'oma. Anzathuwa amaimba nyimbo za m'buku mwachifatse, mawu onse akumveka, ndipo pamenepo atiposa. Masana anatidyetsa kondowole wa chinangwa ndi usipa wauwisi.

Pempho langa kwa akuluakulu a komiti ndi ili. Anzathuwa akamabwera kuno, tisawaikire tsiku loti asaliphonye, chifukwa iwo amayendera tsiku la sitima. Tiwakonzere malo ogona a masiku owonjezera, tisonkhenso ndalama ya basi yochoka ku Nkhata Bay. Ulendo wathu wotsatira tisauike mu June kapena July, nthawi ya mwera, makamaka ngati tikufuna kutenga makolo athu achikulire.