Mmene ndinachotsera node imodzi mu cluster yathu, alendo osadziwa kanthu

Anayambitsa nkhaniyi ndi amayi amene amasunga mabuku a ndalama ku ofesi kwathu. Tsiku lina m'mawa, kumapeto kwa Januwale, anafika pa desiki panga ndi pepala la bilu, n'kuika chala pa mzere wachisanu. "Achimwene, makina asanuwa onse ali ndi ntchito panopa? Madola ake tikumachita kuwasakatu." Ndinawayankha kuti andipatse sabata imodzi, mzere umenewo uchoka.

Ife timayendetsa pulogalamu yothandiza malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja kuti anthu azibuka zipinda pa intaneti, kuyambira kuno ku Boma, kudzera ku Makawa, mpaka ku Monkey Bay ndi Cape Maclear. Makina amene amanyamula zonsezi sali ku Mangochi kuno. Ndi ma seva a lendi, ali ku Johannesburg, ndipo timalipira m'madola. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse timaiwerenga kawiri tisanaitulutse. Seva yachisanuyo tinaiwonjezera pokonzekera Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, pamene dziko lonse limakhamukira kunyanja, ndipo inatithandizanso pa Khirisimasi. Koma mvula ikagwa yeniyeni alendo amachepa, ndiye makinawo ankangodya ndalama ali pheee.

Ma seva athu amalumikizana kudzera mu K3s, mtundu wopepuka wa Kubernetes umene anauyambitsa a kampani ya Rancher. Kubernetes ndi pulogalamu yogawira ntchito ma seva angapo kuti azigwira ngati gulu limodzi, lotchedwa cluster. Seva iliyonse mu cluster imatchedwa node, ndipo mapulogalamu amayenda m'timagulu ta ma container totchedwa ma pod. Atatu mwa ma node athu ndi amene amasunga etcd, kaundula wa zonse zochitika mu cluster, pomwe awiri enawo ndi ongonyamula katundu. Yoti ichoke inali imodzi mwa awiri onyamulawa, dzina lake agent-2. Akanakhala kuti akundipempha kuchotsa imodzi mwa atatu aja ndikanakana, chifukwa etcd imafuna kuti ochuluka mwa mamembala ake akhale amoyo. Akakhala atatu, mmodzi atha kudwala zinthu n'kumayendabe. Akatsala awiri, mmodzi akangogwa basi zonse zaima.

Pali njira yachidule imene imakopa: kulowa pa tsamba la kampani ya lendi ija n'kudina kuti makinawo afufutidwe. Mukatero, cluster imazindikira pasanathe mphindi imodzi kuti node yasiya kuyankha, koma sifulumira kusamutsa ma pod. Mwachizolowezi imadikira masekondi 300 poganiza kuti mwina ndi netiweki chabe yadukiza. Mphindi zisanu zimenezo, chilichonse chimene chinali chokhachokha pa node imeneyo chimakhala chakufa, ndipo zimene zinali pa disiki yake zimapitiratu. Ife a kunyanja timadziwa kuti bwato loti lipume pamtunda suyamba n'kulikoka. Umaletsa kaye anthu kukweramo, amene alimo atsike, katundu atuluke, uyang'anenso pansi pa mipando ngati wina sanaiwale thumba lake.

Ndiye tsiku loyamba sindinachotse kalikonse, ndinangowerenga amene analimo. Ndinalemba `kubectl get pods -A -o wide --field-selector spec.nodeName=agent-2` kuti ndione ma pod onse a pa node imeneyo, kenako `kubectl describe node` pa ma node anayi otsalawo. Kumunsi kwa zimene lamuloli limatulutsa kuli gawo la Allocated resources, losonyeza kuchuluka kwa CPU ndi memory zimene ma pod anasungitsiratu. Apa ndi pamene Kubernetes amayang'ana pofuna kupezera pod malo. Sayang'ana zimene pod ikudya pakali pano, amayang'ana zimene inapempha. Node itha kuoneka yopanda ntchito pa `kubectl top nodes` koma mipando yake yonse ili yosungitsidwa, ndipo pod yosamukayo ingokhala pa Pending, kudikira malo. Ndinaphatikiza manambalawo papepala ndi bolopeni, ndipo malo analipo okwanira.

Thumba loiwalika pansi pa mpando lija ndinalipeza pa `kubectl get pv`. K3s imabwera ndi njira yosungira mafayilo yotchedwa local-path, imene imasunga zinthu pa disiki ya node yomweyo, mu `/var/lib/rancher/k3s/storage`. Volume yotere, kutanthauza malo osungiramo mafayilo a pod, imamangiriridwa ku node yake. Pod yoigwiritsa ntchito singasamukire kwina, chifukwa katundu wake sangaitsatire. Pa agent-2 panali volume imodzi yotero, ndipo mkati mwake munali malisiti onse amene pulogalamu yathu inapangira alendo kuyambira mu Okutobala. Database yathu ya PostgreSQL inali pa node ina, yotetezeka bwinobwino, koma malisitiwa analibe kopi kwina kulikonse. Nditaona zimenezi mtima unagunda, poganizira mwini loji amene angadzafune lisiti la mlendo wa pa Khirisimasi pa nthawi yowerengetsa misonkho.

Ntchito yeniyeni ndinaiika Lachiwiri usiku. Lachisanu sindikhudza kanthu, chifukwa ndi tsiku limene anthu a ku Blantyre ndi Lilongwe amabuka zipinda za kumapeto a sabata ali kale m'galimoto. Ndisanayambe ndinasunga kopi ya etcd ndi `k3s etcd-snapshot save`, ndi ya database ndi `pg_dump`, zonse n'kuzikopera kunja kwa cluster. Chinanso chimene sindiiwala ndikamagwira ntchito ndili kuno: ndimalowa pa seva ndi SSH n'kutsegula tmux, ndipo malamulo onse ndimalembera mmenemo. Nyengo ya mvula magetsi amatha kuzima nthawi ina iliyonse, netiweki nayo imadukaduka. Lamulo loyenda mu tmux limapitirira pa seva ngakhale laputopu yanga itasiya kulumikizana nayo, ndipo ndikabwerera ndimalipeza pomwe lafika.

Choyamba chinali `kubectl cordon agent-2`. Lamuloli silithamangitsa aliyense, limangotseka khomo kuti pod yatsopano isalowe. Pa `kubectl get nodes` mzere wake unasintha n'kukhala Ready,SchedulingDisabled. Ndinayamba ndi limeneli dala, chifukwa volume yatsopano ya local-path imabadwira pa node imene pod yoyamba kuifuna yaikidwa. Khomo la agent-2 likanakhala lotsegula, volume yatsopanoyo ikanatha kubwereranso komwe ndikuichotsako.

Kenako ndinasamutsa malisiti. Ndinaimitsa kaye pulogalamu yopanga malisitiyo, kuti isalembe chatsopano ndili mkati mokopera. Ndinapanga PVC ya dzina lina (PVC ndi pempho limene pod imapezera volume), n'kuyambitsa kapod kongoigwira kuti volume ipangike pa node ina, ndiyeno ndinakopera mafayilo ndi rsync. Itamaliza ndinaiyendetsanso kachiwiri ndi `--checksum`, yofananitsa zam'kati mwa mafayilo a mbali zonse ziwiri, ndipo sinapeze chosiyana. Ndinatsegulanso malisiti angapo ndi maso anga, a mu Okutobala ndi a sabata yomweyo, kenako n'kulozera pulogalamuyo ku PVC yatsopano ndi kuidzutsa. PVC yakale sindinaikhudze usiku umenewo. Pa local-path, mukafufuta PVC mafayilo ake amafufutika nawo limodzi, ndiye ndinaisiya ngati pothawira.

Tsopano inakwana nthawi ya `kubectl drain agent-2`, lamulo lotulutsa ma pod onse pa node. Ulendo woyamba ndimalilemba lokhalokha popanda zowonjezera, chifukwa likakana limatchula zifukwa zake, ndipo zifukwazo n'zofunika kuziwerenga. Linatchula zitatu. Loyamba linali la ma pod a DaemonSet, amene mwachibadwa amakhala pa node iliyonse, monga svclb ya K3s imene imalandira alendo pa ma port 80 ndi 443. Amenewa sasamuka, mumangowadumpha ndi `--ignore-daemonsets`. Lachiwiri linali la pod yokhala ndi emptyDir, malo osungira zinthu zosakhalitsa amene amatha pod ikachoka. Ndinayang'anamo, munali tizithunzi tating'ono ta zipinda timene pulogalamu imatha kupanganso yokha, choncho ndinavomera ndi `--delete-emptydir-data`. Mukapeza malangizo akale olemba `--delete-local-data`, dziwani kuti ndi dzina lakale la chinthu chomwecho.

Lachitatu linali la pod yopanda mwini, yosayang'aniridwa ndi Deployment, imene imabwezeretsa ma pod akachoka, kapena china chilichonse. Pod yotere ikachotsedwa palibe woibwezeretsa, n'chifukwa chake drain amafuna `--force` kuti aikhudze. Anthu ambiri amangolemba `--force` nthawi zonse ngati mchere wa m'ndiwo, koma ine ndimaona kuti ndi chizolowezi choopsa. Ndinaimbira mnzanga amene timagwira naye ntchito, ngakhale kunali kutada. "Achimwene, kapod kali pa agent-2 kotchedwa test kaja n'kanu?" Anati n'kawo, anakapanga mu Disembala poyesa kulumikizana ndi database, ndipo kanatha ntchito. Ndinakafufuta ndekha ndi dzina lake, `--force` osamugwiritsa ntchito.

Drain inayamba bwino. Ma pod ankachoka imodziimodzi, iliyonse ikupatsidwa masekondi ake 30 oti imalize zimene ikuchita, ndipo pa windo lina ndinkaona anzawo akudzuka pa ma node ena. Kenako inakakamira. Mzere umodzi unayamba kubwerezabwereza masekondi asanu alionse: "Cannot evict pod as it would violate the pod's disruption budget." Nthawi yomweyo kunja mvula inayamba ndi mphepo yochokera kunyanja, magetsi n'kuzima. Ndinayatsa hotspot ya pa foni, ndinabwerera mu tmux, ndipo ndinapeza mzere uja ukubwerezabe modekha.

Pod yokana kuchokayo inali yolandira mauthenga a malipiro a pa foni. Mlendo akalipira chipinda, kampani yotumiza ndalama imauza pod imeneyi kuti ndalama zalowa, ndipo iyo ndi imene imasintha buking'i kukhala yolipiridwa. Tinaiikira lamulo lotchedwa PodDisruptionBudget lonena kuti nthawi zonse pakhale imodzi yamoyo, koma inali yokhayo, yopanda mnzake. Choncho Kubernetes ankachita ndendende zimene tinamuuza: kuichotsa kukanasiya ziro. Njira yolambalala chitetezochi ilipo, `--disable-eviction`, koma ndinaganizira munthu amene ali ku Monkey Bay usiku umenewo, walipira, ndalama zachoka mu foni mwake, koma pa risepushoni akumuuza kuti sizikuoneka. Ndinakweza ma pod akewo kukhala awiri ndi `kubectl scale`. Yachiwiriyo inadzukira pa node ina, ndipo itangofika pa Ready, drain inadutsa yokha n'kulemba kuti node/agent-2 drained. Mpaka lero ndinawasiya awiri.

Node inali yopanda kanthu tsopano, komabe alendo ena ankadzerabe pakhomo pake. Adiresi yake ya IP inali ikadali mu DNS ya tsamba lathu, kaundula wolozera alendo ku ma seva athu, ndipo popeza svclb ija inatsala, inkalandira anthu n'kuwapititsa kwa Traefik, pulogalamu yolondolera alendo ku pod yoyenera mkati mwa cluster. Zonse zinkaoneka bwino, koma makinawo akanangozima, ena mwa alendo akanagogoda pa khomo lopanda munthu. Ndinachotsa adiresiyo mu DNS. Ndinatsimikizanso kuti ma adiresi a ma node otsalawo ali pa mndandanda wa ololedwa kulankhula ndi kampani ya malipiro ija, chifukwa pod ikasamuka imayamba kutuluka ndi adiresi ya nyumba yake yatsopano.

Apa ndinatseka laputopu n'kukagona. Bola node ikadali mu cluster, njira yobwerera ndi lamulo limodzi lokha, `kubectl uncordon agent-2`, ndipo kulipira tsiku limodzi lowonjezera n'kotchipa kuyerekeza ndi kumanganso zinthu pakati pa usiku. Lachitatu lonse ndinkayang'ana ma log. Mabuking'i analowa, malipiro anaoneka, malisiti atsopano analembedwa pa volume yatsopano, ndipo pofika madzulo palibe mlendo amene ankadzeranso ku agent-2.

Lachinayi m'mawa ndinamaliza. Ndinafufuta PVC yakale ija node ikadali yamoyo, kuti cluster ithe kuyeretsa volume yake bwinobwino. Kenako ndinalowa pa agent-2 n'kuyendetsa `/usr/local/bin/k3s-agent-uninstall.sh`, ndipo pambuyo pake m'pamene ndinalemba `kubectl delete node agent-2`. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa chake. Mukafufuta dzina la node koma pulogalamu ya agent ikadali pa makinawo, tsiku limene idzayambirenso idzadzilembetsanso yokha, ndipo mudzangoona node yabwerera, khomo lake lili lotsegula. Amene anamanga cluster yawo ndi kubeadm, chida china chomangira Kubernetes, pamalo pamenepa amalemba `kubeadm reset`, koma akumbukire kuti lamulolo silichotsa malamulo a netiweki a iptables ngakhale mafayilo a mu `/etc/cni/net.d`. Ngati makinawo adzagwiranso ntchito ina, zimenezo n'zoyeretsa pamanja.

Kubernetes sadziwa za bilu. Node itachoka mu cluster, seva ya ku Johannesburg ija inali ikuyakabe, ndalama zikuwerengedwa. Kungoizimitsa sikukwanira, chifukwa makampani ambiri amalipiritsabe disiki ndi adiresi ya IP yosungidwa ngakhale makina ali ozima. Ndinalowa pa tsamba lawo n'kufufuta seva, disiki yake, ndi adiresi yake. Ndinaichotsanso mu malamulo a firewall, popeza adiresi yobwezedwa imadzapatsidwa kwa munthu wina amene sitikumudziwa, komanso mu pulogalamu yotichenjeza makina akagwa, kuti isatidzutse usiku polira node imene kulibe.

Nditalemba `kubectl get nodes` komaliza, panatuluka mizere inayi, yonse Ready. Ndinajambula sikirini n'kupita nayo kwa amayi a mabuku aja. Anavala magalasi, anawerenga mizereyo ndi chala, kenako anatenga bilu ija m'fayilo n'kukhwatcha mzere wachisanu. "Ndiye Okutobala akamayandikira mudzandiuziretu msanga, achimwene, kuti madola ake ndidzayambe kusaka nthawi ikadalipo."