Alamu andisokoneza mutu ndi nkhani ya Horowitz

Lachiwiri usiku. Tulo palibe.

Alamu anatulukira madzulo ndili pa laputopu, ndikuonera Midsomer Murders, sewero la pa TV la ku England la apolisi ofufuza milandu yakupha. Asanakhale n'komwe pansi anayamba: "Alamu, mudakaonerabe zimenezi? Zigawo zonse n'chimodzimodzi. Tchalitchi, maluwa, mtembo, kenako wapolisi uja Barnaby akumwa tiyi." Ine ndinati ayi, muonere zigawo zomwe analemba Anthony Horowitz, mudzaona kuti dzanja lake ndi lina. Ndinatchula The Killings at Badger's Drift, chigawo choyambirira chija cha 1997.

Apa ndiye ndinawaputa. Iwo anakhalako ku Leeds, ndiye pa za ku England safuna kugonja. Akuti nkhaniyo ndi ya m'buku la Caroline Graham la 1987, Horowitz anangokolola pomwe sanalime. Gogo uja Emily Simpson wopita kutchire kukasaka duwa n'kuona zosayenera kuona, ndi wa Graham. Mayi Rainbird osuzumira anzawo n'kumawadyera ndalama powaopseza kuti aulula zinsinsi, ndi mwana wawo Dennis wogwira ntchito yoika maliro, onsewo a Graham. Amalankhula akuwerenga zala, ngati ndine mwana wa sukulu.

Chomwe chinandinyansa n'choti sananame.

Koma nanga Judgement Day, chigawo cha 2000 chomwe analembanso Horowitz? Imeneyo siinachokere m'buku la Graham. Mudzi wa Midsomer Mallow ukupikisana ndi midzi ina pofuna kusankhidwa kuti ndiwo wokongola koposa, ndipo Joyce, mkazi wa Barnaby, ali m'gulu la oweruza. Kamnyamata kakuba, Peter Drinkwater, kabayidwa ndi chifoloko chonyamulira udzu. Ine chimandikoka si chifolokocho ayi. Ndi anthu a m'mudzimo, nkhope zomwetulira, mtima uli pa oweruza pomwe munthu wafa. Zimandikumbutsa mmene timapakira laimu miyala ya m'mbali mwa msewu kukamabwera mlendo wamkulu. Ndinawafotokozera zonsezi mpaka mawu kukwera.

Yankho lawo? "Mukuchikonda chifukwa wosewera mbali ya wobayidwayo ndi Orlando Bloom asanatchuke. Wolemba ndani amamukumbukira?" Basi anatsanzika akuseka, nsima osadikira.

Mayi a kunyumba akuti ndimakwiya ndi zinthu zopanda mutu. Mwina. Sabata ino chilichonse chikundipsetsa mtima, ngakhale galu wa aneba. Komabe funso lija landikhala pakhosi. Dzina la wolemba limangothwanima pang'ono koyambirira, anthu akukonza pokhala, ena akutsegula fanta. John Nettles, wosewera mbali ya Barnaby, aliyense amamudziwa nkhope. Munthu yemwe anakhala pansi n'kuganiza kuti wakupha akhale uyu, ndipo tisamuzindikire mpaka kumapeto, amapita osaoneka. Horowitz yemweyo ndiye anayambitsa sewero lina la pa TV, Foyle's War, koma ndikanatchula zimenezo akanapezanso pondigwetsera.

Ndinalemba uthenga pa WhatsApp woti alamu aonere Strangler's Wood ndi Dead Man's Eleven, zigawo zinanso za Horowitz, kenako tidzakambe bwino. Ndafufuta. Ndalembanso, wautali kuposa woyamba, sindinatumize. Mawa kuli ntchito, malaya sindinasite.