Mmene ndinasamalira mphaka wanga kuchokera pa bere mpaka ana atasiya kuyamwa

Bere la mphaka limatenga masiku 63 mpaka 65, ndipo limayamba kudziwika cha m'sabata yachitatu, pamene nsonga za mawere zimafiira ndi kukula mimba isanaoneke n'komwe. Nditaona zimenezi pa mphaka wanga ndinayamba kumuwonjezera chakudya pang'onopang'ono, chifukwa mphaka woyamwitsa amadya kawiri kapena katatu kuposa masiku onse, ndipo thupi lake liyenera kukonzekera nthawi ikadalipo. Masiku ake atayandikira anayamba kusakhazikika, kulowa m'makona ndi kukanda zovala, choncho ndinamuyalira nsalu zakale zochapa bwino m'katoni yaikulu, n'kuiika pamalo pamene iye mwini anali atayamba kale kubisala, popeza mphaka sasankhiridwa poswera.

Pa nthawi yoswa ndinakhala chapatali n'kumangoyang'anira. Mwana aliyense amatuluka ali m'kathumba kopyapyala, ndipo make amang'amba kathumbako ndi mano, n'kumunyambita kumaso ndi pachifuwa mwamphamvu moti munthu wosazolowera angaganize kuti akumupweteka, chonsecho kunyambita komweko n'kumene kumachotsa madzi m'mphuno ndi kuyambitsa mwanayo kupuma. Akatero amaluma mchombo ndi kudya nsengwa. Ine ndinkawerenga nsengwazo kuti zifanane ndi chiwerengero cha ana, chifukwa yotsalira m'mimba imabweretsa matenda, komanso ndinkayang'ana wotchi. Pakati pa mwana ndi mnzake pamadutsa mphindi 10 mpaka 60, koma mphaka akatchima mwamphamvu kwa mphindi pafupifupi 30 popanda chotuluka, ayenera kuonedwa ndi dokotala wa ziweto mwamsanga.

Ana amabadwa osaona ndi osamva, olemera pafupifupi magalamu 100, ndipo tsiku loyamba ndi lofunika kwambiri chifukwa mkaka woyamba ndi umene umawapatsa chitetezo ku matenda. Ndinaonetsetsa kuti aliyense wagwira bere, makamaka wamng'ono kwambiri amene anzake ankamukankha. Patapita masiku ochepa aliyense anali ndi bere lake limene ankalibwerera nthawi zonse, akulipondaponda ndi timiyendo takutsogolo kuti mkaka utuluke. Make ankachoka m'katoni kukangodya ndi kudzithandiza basi, chifukwa ana a msinkhu umenewu sangathe kudzifunditsa okha, ndiponso sakodza kapena kuchita chimbudzi mpaka iye atawanyambita kunsi kwa mchira, ntchito imene amaigwira kwa masabata atatu. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi sikelo yaing'ono: ndinkawayeza nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo mwana wosawonjezera magalamu 10 patsiku, kapena wolira osalekeza anzake ali m'tulo, ndinkamuika ndekha pa mawere akumbuyo amene amakhala ndi mkaka wambiri. Ndinkagwiranso mawere a make kuti ndione ngati lina latupa, lauma kapena likutentha.

Maso atayamba kutseguka, zomwe zimachitika pakati pa masiku 7 ndi 10, mphaka wanga anasamutsa ana ake onse. Ankaluma khungu la pakhosi kumbuyo kwa mutu, mwanayo n'kungofooka, kupinda miyendo ndi mchira osalira, mpaka atamutula kuseri kwa kabati. Sindinawabwezere m'katoni, ndinangotengera nsalu zouma komweko ndi kuchepetsa anthu obwera kudzawaona, chifukwa phokoso, kuwala ndi zogonera zonyowa n'zimene zimachititsa mphaka kusamuka. Ambiri amanena kuti ukagwira ana make amawataya, koma ine ndimaona kuti mphaka wozolowera mbuye wake sachita zimenezo, ndipo ana osagwidwa ndi munthu pakati pa sabata yachiwiri ndi yachisanu ndi chiwiri amakula ali amantha.

Mankhwala a njoka za m'mimba ndinawapereka kwa make ndi ana omwe motsatira malangizo a dokotala, popeza njokazi zimadutsira mu mkaka. Mankhwala a utitiri opangira agalu sindinawayandikitse n'komwe, chifukwa ena a iwo amapha amphaka.

Pofika sabata yachinayi khalidwe la make linasintha. Iye amene poyamba ankagona chammbali n'kuwaitana tsopano ankagonera mawere, kukwera pamalo okwera pamene iwo sakanafika, ndipo nthawi zina ankawamenya ndi phazi akaluma mopweteka. Uku sikudana nawo ayi, n'kuwaletsa kuyamwa, ndipo mphaka woyenda panja amayamba nthawi yomweyi kubweretsa mbewa, poyamba yakufa kenako yamoyo, kuti aphunzire kusaka. Ndinayamba kuwapatsa chakudya chofewa m'mbale yosaya, osati mkaka wa ng'ombe umene umawatsegula m'mimba, ndipo ndinaika bokosi la mchenga pafupi, limene anazolowera msanga poona make akukumba ndi kukwirira.

Katemera woyamba analandira atakwanitsa masabata 8, ndipo sindinapereke mwana aliyense kwa munthu asanafike masabata 12, chifukwa posewera ndi make ndi abale ake m'pamene mwana amaphunzira kubweza zikhadabo ndi kuluma mosapweteka. Make ndinamusunga m'nyumba nthawi yonseyi, popeza mphaka amatha kutenga bere lina akuyamwitsabe, ndipo mkaka utauma ndinapita naye kwa dokotala kuti akamutseke.