Tsitsi lochuluka lofika m'khosi: pomwe ndafika ndi masitayilo a m'ma 1940

Ino ndi sabata yachisanu ndi chimodzi yoyesa masitayilo amenewa. Tsitsi lomwe ndikuyeserapo ndi lachibadwa, lochuluka, losathiridwa mankhwala owongola. Ukalikoka, lakutsogolo limafika pachibwano, lakumbuyo limangogunda m'khosi, masentimita pafupifupi 15, koma likangonyowa limabwerera mpaka theka. Ambiri amati pa msinkhu umenewu palibe chomwe ungachite koma kuluka n'kudikira kuti likule. Ine ndikukana. Akazi ambiri a ku America ndi ku Britain m'zaka za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankameta dala kuti lifike pomwepa. Kametedwe kotchuka ka nthawi imeneyo, middy, kankasiya tsitsi lalifupi m'mbali, kumbuyo likutsika ngati chilembo cha U. Masitayilo amenewa anapangidwira msinkhu womwewu. Chomwe chikusokoneza ndi kuchuluka kwa tsitsi, ndipo pafupifupi cholakwika chilichonse cha masabata asanu apitawa chachokera pamenepo.

Kuwongola kaye

Pin curl, kampukutu ka tsitsi kogwidwa ndi pini mpaka kauma, sigwira pa tsitsi lomwe labwerera. Njira ziwiri zayesedwa. Dryer ya m'manja yokhala ndi chipeso kutsogolo imawongola pa mphindi 30, koma tsitsi limatuluka louma kwambiri, ndipo nsonga zimathothoka ukabwereza sabata iliyonse. Kumanga ndi ulusi kwapambana: zigawo 10 kapena 12, ulusi uzungulire kuchokera patsinde mpaka kunsonga, ugone nalo usiku umodzi. Limawongoka mokwanira koma limatsala ndi kukhakhala pang'ono, ndipo kukhakhala kumeneko ndi komwe kumagwira mapini. Tsitsi lopsereza ndi chitsulo mpaka kuterera limalavula mapini pasanathe ola.

Ma pin curl

Apa ndi pomwe masabata atatu anathera. Malangizo ambiri amati utenge chigawo cha masentimita awiri ndi theka mbali zonse. Pa tsitsi lochuluka chigawo chotere chimakhala chingwe chonenepa ngati chala chachikulu, pini imalephera kutseka, ndipo m'mawa kunja kumakhala kouma pomwe m'kati muli chinyezi. Ukamasula, kampukutu kamaoneka bwino kwa mphindi khumi, kenako kamafufuma n'kutha. Chifukwa chake n'chakuti madzi amamasula tsitsi kuti lilandire mawonekedwe atsopano, ndipo mawonekedwewo amakhazikika pokhapokha madzi onse atachoka tsitsi lili chopindikabe. Chinyezi chikatsala pang'ono, ntchito yonse yapita.

Zomwe zikugwira tsopano ndi izi. Chigawo chisapitirire sentimita imodzi ndi theka. Mutu wonse ukutenga timipukutu 45 mpaka 50, osati 25 monga pa tsitsi lopyapyala. Setting lotion, mankhwala amadzi othandiza tsitsi kusunga mawonekedwe, ndimasungunula gawo limodzi ku magawo atatu a madzi m'botolo lopopera. Yosasungunula imaumitsa tsitsi ngati waya ndipo imasiya zoyera ngati ufa ukamapesa. Popera kawiri pa chigawo chilichonse basi. Tsitsi lizizire m'manja koma lisadonthe, chifukwa likanyowa kwambiri limabwerera ndipo ulusi wa dzulo umakhala wagwira ntchito pachabe.

Yambira kunsonga, kulunga pa zala ziwiri, nsonga ikhale m'kati mwa bwalo, kenako pinda kupita patsinde osapotokola. Kupotokola ndi komwe kumabweretsa tsitsi lonyankhalala m'malo mwa mafunde. Nsonga ikatuluka kunja imauma itapindika ngati mbedza, ndipo mbedza imeneyo sichoka ndi bulashi. Kapepala kopyapyala kokulunga nsonga kamathetsa vutoli.

Mbali yomwe mzere wa timipukutu ukulowera ndi yofunika kuposa momwe ndinkaganizira poyamba. Mizere iwiri yolowera mbali imodzi imapereka mpukutu umodzi waukulu. Mzere umodzi wolowera kumanja, wotsatira kumanzere, umapereka funde looneka ngati S. Kutsogolo, pomwe pakufunika kutukuka, timipukutu tiyime chilili, pini ilowe pansi pokha. Kumbuyo tigone pakhungu.

Kuuma: usiku umodzi wa maola 8 sukukwana, makamaka pakati pamutu. Mphindi 40 pansi pa dryer ya chipewa usanagone, kenako mpango wa satini, ndiye kumacha kutauma. Usanamasule zonse, masula kamodzi ka pakati pamutu n'kukakhudzitsa padzanja. Kakazizira, sikanaume. M'nyengo ya dzinja, mpweya uli ndi chinyezi, onjezera mphindi 20 ndipo usayembekeze kuti sitayilo ipitirira masiku awiri.

Kupesa kumachititsa mantha poyamba. Bulashi ikangodutsa, mutu umatukumuka ngati thonje, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasiyira. Pitiriza. Paka pomade (mafuta olimba a tsitsi) wochepa ngati njere ya mtedza m'manja, pesa ukutsamiritsa tsitsi pachikhatho, nsonga zikupindikira m'kati. Pakatha mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri timipukutu timalumikizana n'kukhala funde limodzi.

Victory roll

Imeneyi, mipukutu ikuluikulu ya tsitsi pamwamba pa mphumi, ndiyo anthu amaidziwa pa zithunzi za Betty Grable, wochita mafilimu wa ku America. Kukweza tsitsi kuchoka kumaso kunali ndi chifukwa chake: akazi ambiri ankagwira ntchito m'mafakitale a zida, ndipo tsitsi lolendewera linkakodwa m'makina. Mu 1943 Veronica Lake, wochita mafilimu winanso yemwe ankatchuka ndi tsitsi lophimba diso limodzi, anaonetsedwa atalikweza pofuna kulimbikitsa akazi a m'mafakitale kuchita chimodzimodzi.

Pa tsitsi lochuluka, mpukutu umagwa chifukwa cha kulemera kwake. Masabata awiri oyamba chigawo chinkachokera pamphumi mpaka kuseri kwa khutu, ndipo mpukutu unkatsamira kunja pofika masana. Tsopano chigawo ndi cha ngodya zitatu, kuchokera pamzere wapakati mpaka pamwamba pa khutu, kuya kwake masentimita 5 okha. Zotsala zimapita kumbuyo. Kupesa chobwerera patsinde, komwe a tsitsi lopyapyala amadalira kuti mpukutu udzaze, kuno sikufunika. Kumangobweretsa mfundo, ndipo tsitsi lathu limatukuka lokha.

Kwezera chigawocho m'mwamba, salaza kunja kwake ndi bulashi, kulunga nsonga pa zala ziwiri. Pa msinkhu uwu limazungulira kamodzi ndi theka basi, choncho zala zitatu zimasiya nsonga panja. Tsitsa mpukutu mpaka ukhale pakhungu, chala chimodzi chili m'katibe. Pini yoyamba ilowe kuchokera kutsogolo, m'kati mwa mpukutu, ikukanda khungu pang'ono, mbali yake yokhotakhota ili pansi. Yachiwiri ichokere kumbuyo n'kupingasa yoyambayo. Mapini awiri opingasana amagwira kuposa asanu ongondandalika. Mapini wamba a masentimita 5 amayasama pa tsitsi lotere. A masentimita 7 ndi omwe akukhala tsiku lonse. Usatsegule pini ndi mano, chifukwa ikayasama imatenga tsitsi lambiri kuposa mphamvu yake.

Chenjezo limodzi lomwe ndimalitenga mozama: mpukutu usakoke tsitsi la m'mphepete mwa nkhope. Ukamva kuwawa kapena khungu likutukuka, masula. Tsitsi la pamenepo likathothoka chifukwa chokokedwa limavuta kumeranso.

Mbali ya kumanzere ikutulukabe yokwera kuposa ya kumanja. Njira yachidule ndi kusuntha mzere wogawa tsitsi kupita pambali, mpukutu umodzi ukhale waukulu dala, winawo waung'ono. Zithunzi zambiri za nthawi imeneyo zili choncho.

Kumbuyo

Uku ndi komwe kufupika kumaonekeradi. Tsitsi la m'khosi limapulumuka pa chilichonse. Gibson roll, mpukutu umodzi wopingasa kumbuyo kwa mutu, ikutheka pogwiritsa ntchito kalamba ka lastiki kozungulira mutu: tsitsi lilowetsedwe m'kalambako zigawo zisanu, kuyambira m'mbali kumalizira pakati, chilichonse ndi pini ya U. Kulilowetsa lonse kamodzi kumakankha kalambako m'mwamba mpaka kuvuka. Timatsitsi ta pansi penipeni ndimatiluka kaye kamzere kamodzi kopingasa, ndipo kamzereko kamakhalanso pobayira mapini.

Tsiku lomwe kumbuyo kwakana, neti yoluka yomwe ankaitcha snood imasonkhanitsa zonse pa mphindi imodzi. Duku nalonso ndi la nthawi yomweyo: mkazi wa pa chithunzi cholimbikitsa ogwira ntchito cha We Can Do It cha J. Howard Miller wamanga lofiira la madontho oyera, mfundo ili pamwamba. Kansalu ka chitenje ka masentimita 60 mbali zonse, kopinda pangodya, kamamangika chimodzimodzi, ndipo thonje lake siliterera ngati silika. Mipukutu iwiri kutsogolo, duku kumbuyo, ndi sitayilo yomwe yakhala kuyambira m'mawa mpaka usiku osaigwiranso.

Finger wave, mafunde oumba ndi zala ndi chipeso tsitsi litagona pakhungu, ndaisiya pa mutu wonse. Woimba ndi wovina Josephine Baker ankaikwanitsa chifukwa tsitsi lake linali lometa lalifupi kwambiri, lomata pakhungu. Pa tsitsi lochuluka la masentimita 15, jelo wofunika kuti ligone ndi wambiri moti amalibweza lisanaume. Mafunde awiri okha kutsogolo, ogwidwa ndi makilipu aatali mpaka ataumiratu, akutheka.

Sabata ya mawa ndiyesa ma roller (timachubu tokulungapo tsitsi) a siponji a masentimita awiri kumbuyo m'malo mwa ma pin curl, kuti ndione ngati mpweya wodutsa m'kati ungachepetse nthawi youma. Ndiyesanso poodle ya wochita zisudzo Lucille Ball, yomwe imaunjika timipukutu pamwamba pamutu ndipo imafuna tsitsi lochuluka chonchi.