Zikomo nonse, Bambo ayambanso kuseka

Dzulo usiku ine ndi Bambo tatsiriza kuonera Modern Family, sewero la nthabwala la pa TV la ku America, magawo onse 250. Tinayamba sabata imene anatuluka m'chipatala atadwala sitiroko, mkono wamanja uli lende, mawu osamveka. Lero akuyenda okha ndi ndodo mpaka panja. Ndiye ndati ndisagone ndisanathokoze.

Achemwali, inu tinkasinthana kugona pambali pa bedi lawo, ndipo nzeru yoti tiziwaonetsa seweroli madzulo aliwonse inali yanu. Ine ndinkakana, ndimvekere munthu wodwala chonchi nthabwala za ku America azitani nazo. Ndinalakwa, ndavomera pamaso pa anthu. Alamu, zikomo chifukwa cha maulendo onse aja opita nawo kumafizo osadandaula n'kamodzi komwe. Anamwino amene munkawatembenuza usiku, mayina anu sindinawasunge onse koma nkhope zanu sindidzaziiwala.

Gawo lililonse ndi mphindi pafupifupi 22, zokwanira Bambo asanatope. Masabata oyamba ankangoyang'ana duu. Amene anawasungunula ndi Jay Pritchett, mkulu waliuma uja wosafuna kuvomera kuti wakalamba. Ed O'Neill amene ankasewera Jay anali ndi zaka 63 pomwe seweroli linkayamba pa wailesi ya kanema ya ABC mu 2009, ndipo anakalambira momwemo mpaka linatha mu 2020. Tsiku lina Jay akung'ung'udza monga mwa nthawi zonse, ndinangomva Bambo akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Ndinatuluka panja kukalira.

Anzathu anaonera seweroli kwa zaka 11, ife m'miyezi yochepa, choncho ana a m'seweroli ankakula tikuwaona ngati maungu. Luke amene m'gawo loyamba anakanirira mutu pakati pa zitsulo kapena timitengo ta masitepe, posakhalitsa mawu anasanduka besi. Haley amene sankachotsa maso pafoni, pofika kumapeto kwa sizoni 10 wabereka mapasa. Olemba ake sanayese kubisa zimenezi. Ana atakula, nthabwala anazisamutsira kwa makolo: Phil wosowa womuonerera matsenga ake, Claire wofuna ana achoke panyumba koma akachoka n'kumasowa tulo. Si zonse zinayenda bwino ayi. Manny ali kamwana kolankhula ngati gogo ankatiseketsa mpaka misozi, koma atamera ndevu nthabwala ija inazilala, ndipo olembawo anakhala ngati asowa chochita naye. Bambo akamuona ankangopukusa mutu.

Kuseka ukalamba wa Jay n'kumene kunatitsegula pakamwa m'nyumba mwathu. Poyamba ndodo ya Bambo tinkaiopa ngakhale kuitchula. Kenaka eni ake anayamba kuitcha mkazi wawo wachiwiri, Mayi n'kumayankha kuti imeneyo ndiye iziwachapira. Mayi, zikomo. Ndikudziwa kuti masiku ena munkaseka mtima uli wolemera.

Pali gawo lina mu sizoni 11 limene ndinafuna kulidumpha chifukwa achemwali anali atanditsina khutu. Phil amva kuti bambo ake, Frank, akhala akuzungulirazungulira m'sitolo ngati asokonezeka, ndiye apita ku Florida kukawaona. Tsiku lonse acheza, aseka, mpaka Phil awameta tsitsi bambo akewo. Pomaliza tingozindikira kuti limenelo linali tsiku lawo lotsiriza limodzi. Fred Willard amene ankasewera Frank naye anamwalira mu May 2020, patangopita miyezi yochepa gawolo litaonetsedwa. Nditagwira rimoti kuti ndipitirire, Bambo anandigwira dzanja ndi mkono wawo wabwino uja. Tinaonera lonse, wina osayang'ana mnzake.

Olemba ndi osewera a seweroli sadzawerenga mawu anowa, Chichewa sachidziwa, komabe nawonso ndikuwathokoza. Ndi inu nonse amene munkaimba foni, amene munkabwera kudzakhala nawo kuti ine ndipume pang'ono, ngakhale inu amene munkangolemba kuti mukuwapempherera, zikomo kwambiri.

M'mawa wake wa gawo la Frank lija, Bambo anandituma ndikatenge lumo ndi thaulo. Ndinawameta pakhonde, manja akunjenjemera. Atadziyang'ana pagalasi anati ndawawononga mutu, ndipo mwezi wamawa adzawamete achemwali.